Osunga khomo la kachisi, ku Msinja ndi ku Yerusalemu

Mvula ikakana m'dziko la Undi, mapira akayamba kupota masamba ndipo nsembe za m'midzi zalephera, mfumu inkasankha amithenga n'kuwatuma kum'mawa, ku mapiri a Dzalanyama, kukafika ku Msinja. Sankapita chimanjamanja. Ankasenza nsalu zakuda, makasu ndi minyanga ya njovu, nthawi zina akukusa mbuzi yakuda, pakuti wakuda ndiwo mtundu wa mtambo wa mvula. Udali ulendo wapansi, wogonera m'njira. Koma atafika, ngakhale adali anthu a mfumu yaikulu, sakadangolunjika pakhomo pa Makewana n'kunena kuti odi. Ankaima kaye. Padali anthu amene ntchito yawo idali kuwalandira, kumva chimene adzera, kutenga mphatso m'manja mwawo ndi kuona ngati ali oyenera kuyandikira. Anthu amenewa ndiwo ndikufuna kuwakumbutsa, chifukwa mbiri yathu imakonda mafumu ndi alosi, woima pakhomo n'kumudumpha.

Wina wa kuno ku Fíngoè angadabwe kuti za ku Msinja, komwe lero ndi m'boma la Lilongwe, zikutikhudza chiyani ife a ku Mozambique. Malire akutilekanitsawa ndi a dzulodzuloli: Apwitikizi ndi Angerezi adagwirizana za iwo mu 1891. Kale lonselo dziko lidali limodzi. Undi atasemphana ndi abale ake pa za mpando wa Kalonga ku Mankhamba, adanyamuka ndi Nyangu, mayi wa mafumu, pamodzi ndi akazi ambiri a banja lachifumu la Aphiri, nadzamanga likulu lake ku Mano, kumpoto kwa Zambezi, m'dera la mtsinje wa Kapoche, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Odziwa mbiri amaika ulendowo m'zaka za m'ma 1500 kapena kuchiyambi kwa m'ma 1600. Kuchokera ku Manoko ufumu wake udafalikira kumadzulo mpaka kwa Ansenga cha ku Luangwa, ndipo kum'mawa udakafungatira Msinja. Undi adali ndi mikondo, minyanga ndi mafumu omulambira, koma mvula adalibe. Mvula idali kwa Makewana. Choncho kachisi wamkulu wa makolo a anthu a ku Marávia adali kumeneko, ndipo njira ya ku Msinja idali njira yathu.

Makewana silidali dzina la munthu mmodzi, udali udindo wa mayi wogwidwa ndi mzimu wa Chisumphi, Chauta wopatsa mvula. Sankameta tsitsi poopa kudula mvula, ankavala zakuda, sankakwatiwa. Amati ankagona pa minyanga ya njovu, ndipo chilala chikavuta ankalowa m'dziwe lopatulika lotchedwa Malawi. Poyamba kachisi adali ku Kaphirintiwa, pomwe makolo amati padatsikira anthu oyamba ndi nyama n'kusiya mapazi pathanthwe. Pambuyo pake adasamukira ku Msinja. António Gamitto, msilikali wa Chipwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, adamva dzina la Chisumphi nalilemba m'buku lake. Koma anthu omuzungulira Makewana timawaona bwino m'zimene W. H. J. Rangeley adatola kwa akuluakulu n'kusindikiza mu 1952.

Padali Kamundi, wa mfunda wa Mbewe, amene ankaimira Thunga, njoka yopatulika. Pomaliza chinamwali ndiye ankalowa m'nyumba ya Makewana, ndipo anthu sankatchula dzina lake, ankangoti mwalowa njoka. Padali Malemia, mthenga: mawu a mafumu ankadzera mwa iye, yankho n'kubwerera mwa iye yemweyo. Padali Matsano, akazi opatulidwa amene sankakhala pabanja nthawi yonse ya utumiki wawo. Iwowa ndiwo ankasesa, kutunga madzi ndi kusamala za pakachisi. Ndiyeno padali Tsang'oma, wosunga ng'oma yotchedwa Mbiriwiri, imene amati idalandidwa kwa Akafula. Ng'oma imeneyi siinkaimbidwa pa gule kapena pa mowa. Ikalira, anthu ankadziwa kuti aitanidwa ku nsembe ya mvula, ndipo dzanja la munthu wamba silinkaigunda.

Onani kuti pa zonsezi sindinatchule chitseko. Kachisi wa Achewa adali kanyumba ka mitengo ndi udzu, koti mnyamata woweta mbuzi akadakagwetsa ndi phewa. Padalibe linga la miyala, padalibe loko. Chimene chinkaimitsa munthu adali munthu mnzake, wodziwa lamulo ndi woopedwa chifukwa cha lamulolo. Zotsalira zake ndidaziona ndili mwana, kumudzi kwa amayi anga. Patsinde pa mtengo wa msolo padali kakachisi kofika m'chiuno, ndipo wokasamala adali mkulu wina wowonda, mwana wa mlongo wake wa nyakwawa. Madzulo oti mawa kuli nsembe ankayenda khomo ndi khomo kukumbutsa a pabanja kuti agone mosiyana. M'mawa ankaima panjira yolowera ku msoloko n'kumayang'ana nkhope. Ufa wa mapira ndi mowa ankasenzetsa ife ana aang'ono ndi agogo aakazi amene adasiya kusamba, chifukwa amenewo ndiwo ozizira. Wotentha ankabwezedwa, ndipo sankafunsa chifukwa, ankachidziwa yekha. Mkuluyo sankaombeza, sankatsogolera nyimbo, adalibe ngakhale chikwanje m'manja. Koma akati, “Inu bambo, bwererani,” munthu wa ndevu zake ankatembenuka ali chete.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndine amene ndimasunga makiyi a nyumba yathu yopempherera. Ntchito yake ndi yosaoneka: kutsegula m'mamawa, kusesa zitosi za mileme, kupirikitsa mbuzi, kuwerenga mabenchi ukwati ukatha. Mwina n'chifukwa chake mitu ina ya m'Baibulo imene alaliki amailumpha ine imandikoka. Sindinamvepo ulaliki wochokera pa 1 Mbiri 9 kapena 26. Anthu amati m'menemo muli maina okhaokha. Koma mainawo ndi a anzanga a ntchito, ndipo mlembi wake adawapatsa ulemu wowawerenga mmodzimmodzi.

Bukulo limati pa nthawi ya Davide Alevi 4,000 adapatulidwa kuti akhale odikira pa makomo, chiwerengero chofanana ndi cha oimba. Mutu 9 umawerenga odikira 212, akulu awo anayi: Salumu, Akubu, Talimoni ndi Ahimani. Anayiwa ankakhala pomwepo, kugona mozungulira nyumba ya Mulungu ndi kutsegula m'mawa uliwonse. Abale awo ankakhala m'midzi n'kumabwera mosinthana, masiku asanu ndi awiri gulu ili, masiku asanu ndi awiri gulu linalo. Makomo sankadzisankhira. Ankachita maere, wamkulu ndi wamng'ono chimodzimodzi: la kum'mawa lidagwera Selemiya, la kumpoto mwana wake Zekariya, la kumwera Obedi-Edomu, la kumadzulo Supimu ndi Hosa. Kum'mawa kunkaima anthu asanu ndi mmodzi pa tsiku, kumpoto anayi, kumwera anayi, ku nyumba zosungiramo katundu awiriawiri, kumadzulo anayi pamseu ndi awiri pabwalo. Mukawonkhetsa akukwana 24. Ndipo ntchito siinkathera pachitseko. Ziwiya ankaziwerenga potuluka nazo ndi pozibweza. Ankasamala ufa wosalala, vinyo, mafuta ndi lubani, ndipo Matitiya, mwana woyamba wa Salumu, ndiye ankayang'anira zophika m'ziwaya. Mlembiyo sadaiwale ngakhale kankhani ka m'banja la Hosa, kuti bamboyo adaika Simiri kukhala mkulu ngakhale sadali woyamba kubadwa. Ndimaganiza kuti mchimwene wake sadasangalale nazo.

Mabanja awiri pa mndandandawu amandiimitsa. Salumu adali wa mbumba ya Kora, uja adaukira Mose ndi Aroni m'chipululu podandaula kuti bwanji anthu ena okha aziyandikira chopatulika. Nthaka idamumeza, koma ana ake sadafe, ndipo zidzukulu za munthu wokana malire ndizo zidapatsidwa malirewo kuti ziwasunge. Winayo ndi Obedi-Edomu. Uza atafa chifukwa chogwira Likasa, Davide yemwe adaopa kulitengera kwake, nalisiya m'nyumba ya munthu ameneyu miyezi itatu. A m'banja lake amene adalembedwa pa ntchito ya pakhomo adali 62. Ntchitoyi idaperekedwa kwa mabanja amene adaona ndi maso kuti chopatulika chimapha. Wa pakhomo sankangotchinjiriza kachisi kwa anthu. Ankatchinjirizanso anthu kwa kachisi. Mkulu uja wa kwathu akabweza wotentha sikudali kufuna kumuchititsa manyazi. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akamulola, nsembe ikanika, mvula ithawa, ndipo mdulo ugwira ana a m'mudzi. Wansembe Yehoyada, atagwetsa mfumukazi Ataliya, adaika odikira pa zipata kuti wodetsedwa asalowe, ndipo mkulu wa kwathuyo akadamva chifukwa chake popanda womasulira.

Pomwe pali khomo pamadutsa chuma. M'masiku a mfumu Yoasi ansembe adakhala akulandira ndalama zokonzera ming'alu ya Kachisi mpaka chaka cha 23 cha ufumu wake, ming'aluyo ili chomwecho. Yehoyada adatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pambali pa guwa, ndipo amene ankaponyamo ndalama za anthu adali ansembe osunga pakhomo. Bokosi likadzaza, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankawerengera limodzi. Apo mpamene amisiri adayamba kulipidwa. Pa nthawi ya Yosiya, cha m'ma 622 Yesu asanabadwe, ndalama zokonzera nyumbayo zidasonkhanitsidwanso ndi osunga pakhomo omwewo. Ku Msinja nsalu, makasu ndi minyanga zinkadutsa m'manja mwa anthu a Makewana zisanafike pamaso pake. Sindinganamize munthu kuti onse adali oyera mtima. Mphamvu yonena kuti lowa kapena bwerera imaledzeretsa. Akuluakulu athu amakumbukira masipayi a nthawi ya Apwitikizi, amene mlandu wako sunkalowa kwa mzungu usanawapatse nkhuku, ndipo aliyense amene adaswerapo pabenchi ya ofesi akudikira mlonda wofuna kangachepe akudziwa kuti mbewu imeneyo siinathe.

Pali choopsa china choposa kangachepe. M'Kachisi amene Herode adakulitsa, bwalo la anthu a mitundu ina lidalekanitsidwa ndi mabwalo a m'kati ndi mpanda waufupi, ndipo pa mpandapo adaikapo miyala yolembedwa m'Chigiriki ndi m'Chilatini yochenjeza kuti mlendo wodumpha malirewo imfa yake adzakhala wadziputira yekha. Umodzi mwa miyalayo udapezeka ku Yerusalemu mu 1871, wopeza wake Charles Clermont-Ganneau, ndipo lero uli ku Istanbul. Lamulo limeneli ndi limene lidatsala pang'ono kuphetsa Paulo. Anthu adamuona mumzinda ali ndi Trofimo wa ku Efeso, naganiza kuti wamulowetsa m'kati; adamukokera kunja, ndipo pomwepo zitseko zidatsekedwa. Otseka zitsekozo adali anthu a ntchito imene ndikuiyamikayi, ndipo kwa iwo ankachita bwino, kuti magazi asadonthere pamalo oyera. Pamenepa sindiwayamika. Adapulumutsa miyala ya pansi, munthu akumenyedwa kuseri kwa chitseko. Pa msolo wa kwathu funso silinkakhala la mtundu. Mnsenga kapena Mchikunda wokwatira m'mudzimo ankayandikira bola wagona bwino usiku wathawo. Koma tisadzitame msanga. Wosalowa gule amene wasocherera ku dambwe amadziwa kuti ifenso tili ndi malire amene amatetezedwa ndi chikoti.

Komabe amene ankakhala pangozi tsiku ndi tsiku adali wa pakhomoyo. Mishnah, buku la malamulo a Ayuda limene lidasonkhanitsidwa cha m'ma 200, Kachisi atagwa kale, limakumbukira kuti ansembe ankalonda malo atatu, Alevi malo 21. Kapitawo wa phiri la Kachisi ankazungulira usiku, miuni ili patsogolo pake. Mlonda amene sadadzuke kumulonjera ndiye kuti wagona: ankamukwapula ndi ndodo, ndipo adali ndi ufulu womuwotchera malaya. Anthu akamva kulira usiku ankadziwa kuti Mlevi wina wapezeka ali m'tulo. Makiyi ankawakoloweka pa unyolo pansi pa mwala wa nsangalabwi wokhala ndi mphete yonyamulira; wansembe akatseka ankawabwezera momwemo, n'kuyala chovala chake pamwalapo, n'kugona pompo. Ine anga ndimangowaika m'thumba la jekete. Josephus, amene adaona Kachisiyo ndi maso, adalemba kuti chipata cha mkuwa cha kum'mawa chinkafuna amuna 20 kuti achitseke madzulo.

Kwathu chilango chidali chowawa koposa. Mbiri imene akuluakulu adasimba imati mvula ikapitirira kukana, mlandu sunkagwera Makewana, sunkagweranso Undi. Ankati Tsang'oma walakwira mwambo. Ankaphedwa, mano ake n'kuponyedwa m'kati mwa Mbiriwiri, wina n'kulowa m'malo mwake. Taganizirani munthu wonyamula ng'oma imene ikagwedezeka mukugundana mano a amene adaisunga iye asanabwere. Ena amasimba nkhaniyi ngati yongoopsezera ana, koma ine ndimaona chimene ikuulula: dziko likavutika limafuna munthu woti asenze, ndipo silisankha wamkulu kwambiri kapena wamng'ono kwambiri, limasankha woima pakati. Ku Yerusalemu zidachitika mwanjira ina. Ababulo atawotcha Kachisi cha m'ma 586 Yesu asanabadwe, adagwira Seraya mkulu wa ansembe, Zefaniya wachiwiri wake, ndi osunga pakhomo atatu, nawatengera ku Ribila, komwe adakaphedwa pamaso pa Nebukadinezara. Mdani adadziwa kuti atatuwo sadali anthu wamba.

Koma kachisi sayamba kugwa tsiku limene adani afika. Amene adabwerera kuchokera ku Babulo adali ndi odikira 139 okha mwa kuwerenga kwa buku la Ezara, ndipo posakhalitsa nawonso adayamba kuvutika. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu kachiwiri adapeza kuti wansembe Eliyasibu wapereka kwa mnzake Tobiya chipinda chimene munkasungidwa chakhumi cha tirigu, vinyo ndi mafuta, chakudya cha Alevi, oimba ndi odikira. Magawo awo adali atasiya kuperekedwa, ndipo Alevi adali atabalalikira ku minda yawo. Ndani angawanene? Munthu sangalonde khomo ana ake akugona ndi njala. Nehemiya adataya katundu wa Tobiya panja, nabwezeretsa anthuwo m'malo mwawo, nalamulanso kuti zipata za mzinda zizitsekedwa Sabata lisanalowe, chifukwa amalonda a ku Turo adali atazolowera kugulitsa nsomba tsiku limenelo. Amalondawo adagona kunja kwa linga kamodzi kapena kawiri, mpaka atawaopseza.

Ufumu wa Undi udafooka chimodzimodzi, pang'onopang'ono, kuchokera ku malonda. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1700 golide adayamba kukumbidwa m'dera la Mano, ndipo amalonda a Chipwitikizi ndi a ku Goa adalowa ndi akapolo awo ndi asilikali awo, Achikunda. Mafumu aang'ono adaona kuti mnyanga umene kale unkapita kwa Undi akhoza kuugulitsa okha n'kulandira nsalu ndi mfuti. Banja la Pereira lidakhazika ulamuliro wake ku Makanga, kum'mawa kwathu, n'kumadya dziko la Amaravi. Mfumu imene siikulandiranso mitulo ilibe choti itumize ku kachisi, ndipo mfumu imene ili ndi mfuti imayamba kuiwala kuti mvula ili ndi mwini wake. Ndiyeno mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidadetsedwa, Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi cha ku Zumbo, kumadzulo kwathu kuno. Adakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga napitirira kumpoto, koma ana awo adabwerera, Mpezeni kumpoto kwa Mano; ndipo gulu lina la Angoni, la a Maseko, lidadzakhazikika ku Domwe. Cha m'ma 1870 Msinja udaphwasulidwa ndi Angoni, anthu a pakachisi n'kubalalika.

Khomo lokhala munthu limagwira ntchito pokhapokha wobwerayo akuopa chimene wa pakhomo akuopa. Malemia akadaima panjira n'kunena kuti bwererani, koma amene adali patsogolo pake sadali kudziwa Thunga, ndipo mdulo wa Achewa sudali kuwaopsa. Wina anganene kuti ndiye kulakwa kwathu, tidamanga ndi udzu. Koma chipata chija cha amuna 20 sichidaimitse Aroma a Tito mu 70. Mkuwa ndi udzu zidapsa chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti Ayuda adatuluka m'phulusamo ndi mabuku, moti lero munthu wa ku Fíngoè akhoza kudziwa kuti kumpoto kwa Kachisi kunkaima anthu angati.

Zotsatira zake tikuzidziwa. Malire a 1891 adasiya Mano mbali ino, Msinja mbali inayo. Msonkho ndi chibalo zitakula, Undi adawolokera ku Northern Rhodesia mu 1935, ndipo lero mpando wa Kalonga Gawa Undi uli ku Mkaika, ku Katete, komwe mafumu athu amapita mwezi wa Ogasiti kukamulambira, mwambo umene udayambikanso mu 1984. Zopempha mvula zidapitirira m'makachisi ang'onoang'ono, monga wa pa phiri la Bunda. Amene akufuna kuona osunga khomo akadali pantchito apite ku Khulubvi, ku Nsanje, ku nkhalango ya Mbona. Kumeneko mlendo, kaya ndi nduna ya boma kaya ndi mzungu wofufuza, salowa yekha: amayamba wapempha kwa eni mwambo, amavula nsapato, amavala nsalu yakuda, ndipo amaima pamene wauzidwa. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers adafufuza za malowo zaka zambiri nasindikiza buku lake mu 1992, ndipo mu 2011 Malawi adaika Khulubvi pa mndandanda woyembekezera wa UNESCO. Nkhalangoyo yatsala ili chiimire pakati pa minda, m'dera losowa nkhuni, chifukwa pali anthu amene amati musadule ndipo akumvedwabe.

Kuno kwathu nkhondo ziwiri zidamaliza chimene Angoni adasiya. Kuyambira 1968, nkhondo ya ufulu itafika ku Tete, Apwitikizi adasonkhanitsa anthu m'midzi yotchingidwa, kutali ndi manda awo. M'zaka za m'ma 1980 tidathawanso, ambiri a ife ku Zambia, ena mpaka ku Ukwimi, nthawiyo m'boma la Petauke. Titabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 tidapeza mitengo ya msolo ilipo, koma odziwa kuti ufa umathiridwa mbali iti adali atatsala m'manda a kuchilendo. Makachisi ambiri a m'midzi adatha chomwecho, popanda wowagwetsa.

Malo awiri okha ndiwo adakali ndi a pakhomo enieni. Kumanda munthu salowa mwa kufuna kwake. Ngakhale muli mayi ako okubala, umayamba wapita kwa mfumu, ndipo otsogolera ndi adzukulu, amene amadziwa pogona aliyense ndi pomwe khasu lingakumbe. Wolowa yekha kukatola nkhuni amalipa nkhuku kapena mbuzi, ndipo nkhalango zambiri zimene zatsala pafupi ndi midzi yathu ndi za manda. Kwina ndi ku dambwe, komwe wakunjira amadziwa walowa ndani, watuluka ndani, ndi chirombo chiti chikupita ku bwalo liti. Gule wamkulu atalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse, cha Mozambique, Malawi ndi Zambia pamodzi, alendo adachuluka ojambula zirombo zikuvina pabwalo. Wakunjira sajambulidwa, ndipo iye amakonda choncho. Koma tsiku limene iye adzaleka kuima panjira, gule adzasanduka masewero a anyamata oledzera opempha ndalama pamsewu, monga tayamba kale kuona m'malo ena. Pa zimenezi ine wa makiyi a tchalitchi ndi iye wa ku dambwe timamvana, ngakhale abusa anga sangakondwe kumva ndikutero.

Ndimaonanso momwe mipingo yathu imachitira ndi a pakhomo ake. Posankha akulu a mpingo anthu amakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma pofuna wosunga makiyi amangoyang'ana amene nyumba yake ili pafupi. Munthuyo ndiye woyamba kuona kuti denga layamba kudontha, ndiye amadziwa kuti wakhala kumbuyo uja ndi mlendo wosadya chidzulo, ndiye amaletsa woledzera kulowa pa mgonero popanda kumunyoza pamaso pa ana ake. Ku Yerusalemu munthu wotere adali ndi gawo lake pa chakhumi, lolembedwa m'lamulo. Ku Msinja ankadya za pakachisi. Ife timamuthokoza pa Khirisimasi, tikakumbukira.

Salumu, Akubu ndi Talimoni tikuwatchula lero chifukwa wina adakhala pansi n'kulemba. A ku Msinja tikuwadziwa ndi maina a udindo okha, ndipo a m'makachisi a m'midzi ya kuno akupita limodzi ndi agogo amene adasenza nawo ufa. Inu ana a sukulu a ku Fíngoè, Chiputo, Malowera ndi Chipera, pa tchuthi chikubwerachi tengani kope ndi cholembera mupite kwa nyakwawa wa kwanu. Funsani kuti nsembe ya mvula inkathiridwa pa mtengo uti, ankasesapo ndani, adali wa mfunda wanji, ankabweza anthu otani, ndipo adasiyira yani. Lembani zimene akuuzani monga momwe anenera. Zimene akubisirani musakazifune nokha ndi foni kumanda kapena ku dambwe. Pitani ndi nkhuku kwa eni ake, muyambe mwapempha.